Khoswe, mbewa kapena kalulu: kusankha njira yoyesera mankhwala a kutupa kwa m'kati mwa diso

Kutupa kwa m'kati mwa diso, kumene madokotala amakutchula kuti uveitis, kumagwira iris (mbali yozungulira mwana wa diso), ciliary body (yopanga madzi a m'diso) ndi choroid (ya mitsempha ya magazi kumbuyo kwa diso), ndipo kukakula kumafika pa retina (mbali yolandira kuwala) ndi mu vitreous (jelo wodzaza m'kati mwa diso). Nyama za m'labotale, kupatulapo zochepa zimene tizitchula kutsogoloku, sizidwala nthendayi pazokha. Wofufuza amachita kuiyambitsa, ndipo mmene waiyambitsira ndi mmenenso yankho la mankhwala ake lidzatulukire.

Nkhani ya TNF, puloteni ya m'thupi yosonkhezera kutupa, imaonetsa bwino zimenezi. Mu 1993 ofufuza a ku National Eye Institute ku America adapeza kuti mbewa zobayidwa poizoni wa mabakiteriya zikapatsidwa mankhwala otsekereza TNF, maso awo ankatupa kuposa a zinzake zosapatsidwa. Patapita zaka zochepa, magulu ena adatsekereza TNF yomweyo pa makoswe ndi mbewa zimene chitetezo chawo cha m'thupi chidaukira retina, ndipo kuwonongeka kwa retina kudachepa. Mu 2016 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, lidavomereza adalimumab, yemwe amatsekereza TNF, kuti azichizira uveitis yosachokera ku tizilombo ya pakati ndi kumbuyo kwa diso. Anthu akadamvera njira yoyamba ija yokha, bwenzi mankhwalawa atatayidwa kalekale. Ndiye musanaitanitse nyama, dziwani kaye mbali ya chitetezo cha m'thupi imene mankhwala anu amagwira, malo a m'diso amene mukufuna afike, khomo limene alowere, ndi nthawi imene akhale akugwira ntchito.

EIU: yankho m'maola 24

Njirayi, imene dzina lake lonse ndi endotoxin-induced uveitis, kutanthauza uveitis yoyambitsidwa ndi poizoni wa mabakiteriya, adaifotokoza James Rosenbaum ndi anzake mu 1980, ndipo mpaka lero ndi imene ambiri amayambira. Mumatenga LPS, poizoni wa pachikopa cha mabakiteriya monga Salmonella typhimurium kapena E. coli, n'kubaya makoswe a mtundu wa Lewis a milungu 6 mpaka 8. Mlingo wofala ndi 200 µg mu 0.1 ml ya saline. Kale ankabaya kuphazi lakumbuyo, koma makomiti ambiri oona za ufulu wa nyama amakonda jakisoni wa pansi pa khungu, chifukwa phazi likatupa nyama imavutika kuyenda. Pakatha maola 4 mpaka 6 mitsempha ya mu iris imatanuka ndipo mapuloteni amayamba kudonthera m'madzi a kutsogolo kwa diso. Maselo oyera a m'magazi, ma neutrophil ndi ma monocyte, amatsatira. Kutupa kumafika pachimake pafupifupi pa maola 24, ndipo pofika kumapeto kwa sabata diso limakhala litayera lokha.

Zoyeza zake n'zosavuta, koma zimafuna dzanja lodekha. Pa maola 24 mumalowetsa singano ya 30G m'mphepete mwa cornea mukuyang'ana pa maikulosikopu, n'kukoka madziwo. Maso awiri a khoswe amapereka 15 mpaka 25 µl basi. Singano ikagunda iris magazi n'kulowa, madziwo atayeni, chifukwa magazi amakweza chiwerengero cha maselo ndi mapuloteni nthawi imodzi. Maselo awerengeni tsiku lomwelo pa hemocytometer mutasakaniza ndi utoto wa Türk, popeza akagona amaundana ndi kusweka. Otsalawo azungulitseni pa centrifuge, muwasunge pa −80 °C, mudzayezere mapuloteni, IL-6, TNF, MCP-1 ndi PGE2. Ma cytokine ena, mapuloteni onyamula uthenga wa kutupa, amakwera msanga, m'maola oyambirira, kotero amene wayeza pa maola 24 pokha akhoza kunena kuti mankhwala sadasinthe kanthu pomwe wangochedwa kufika.

Zimene zimalakwika kawirikawiri zimayambira pa LPS yeniyeniyo. Mphamvu yake imasiyana botolo ndi botolo, choncho gulani yokwanira kafukufuku yense ndipo muiyese kaye pa nyama zochepa. Imaundana m'madzi ndi kumamatira m'mbali mwa chubu, ndiye ikhutchumuleni kwa mphindi zingapo musanakoke mu sirinji. Nyama imene idalandirapo LPS masiku apitawo siitupanso mofanana, thupi limazolowera. Mtundu wa nyama nawo ndi nkhani: mbewa za C3H/HeJ zili ndi TLR4, puloteni yozindikira LPS, yolumala ndipo sizimva LPS, pomwe za C3H/HeN, zimene dzina lake limasiyana chilembo chimodzi chokha, zimatupa bwinobwino. Mbewa zambiri sizitupa maso mokwanira LPS ikabayidwa m'thupi, n'chifukwa chake ena amaibaya mu vitreous, pafupifupi 250 ng mu 2 µl. Mukatero pakhale gulu lobayidwa saline yekha, chifukwa singano nayo imatupitsa, makamaka ikakanda lens, imene mwa mbewa imadzaza mbali yaikulu ya diso.

Vuto lalikulu la EIU ndi lakuti imavomera zambiri. Ili ngati sefa ya mabowo akuluakulu: timadzi ta zitsamba, mavitamini, mankhwala a shuga, a mafuta a m'magazi, zambirimbiri zaonetsapo kuti zimachepetsa maselo m'njira imeneyi, koma zimene zafika kuchipatala cha maso n'zowerengeka. Chifukwa chimodzi ndi nthawi yoperekera. Ambiri amapereka mankhwala LPS isanabayidwe kapena nthawi yomweyo, pomwe wodwala amabwera diso litafiira kale. China n'chakuti mankhwala omwa kapena obaya m'mimba akhoza kuziziritsa thupi lonse, kapena kumanga LPS m'magazi, diso n'kuoneka bwino ngakhale mankhwalawo sadalowemo. Ngati mukufuna kunena kuti mankhwala amachiza, pakhale gulu loyamba kulandira patatha maola 4 kapena 6, milingo ikhale itatu kapena kuposerapo, ndipo muyeze kuchuluka kwa mankhwalawo m'diso momwemo.

EIU ndi yabwino poyerekeza mankhwala odontheza a steroid, kusiyanitsa kapangidwe kawiri ka mankhwala amodzi, kapena kusefa mankhwala khumi kuti mutsale ndi awiri. Pa mankhwala olimbana ndi ma T cell, maselo a chitetezo amene amaphunzira kuzindikira mdani, singakuuzeni zambiri, popeza kutupa kwake kumatha ma T cell asanachite mbali yaikulu.

EAU: yochedwa, yovuta, koma yoyandikira kwa wodwala wa kumbuyo kwa diso

Pa EAU, imene dzina lake lonse ndi experimental autoimmune uveitis, mumaphunzitsa chitetezo cha nyama kuti chiukire retina yake yomwe. Waldon Wacker ndi anzake adayeretsa S-antigen ya mu retina mu 1977, ndipo mu 1988 Rachel Caspi ndi gulu lake adakhazikitsa njirayi pa mbewa pogwiritsa ntchito puloteni ya IRBP. Amene amatsogolera kutupa ndi ma T cell a Th1 ndi Th17, ndipo zimene zimaoneka m'diso, monga kutupa kwa mitsempha ya retina, timibulu ta maselo mu choroid ndi kufa kwa maselo oonera, zimafanana ndi za odwala sympathetic ophthalmia, birdshot, Vogt-Koyanagi-Harada ndi Behçet.

Kachidutswa ka puloteni ya retina kamene mumabaya nyamayo kamayenera kugwirizana ndi mtundu wa nyama. Mbewa za B10.RIII zimamva kachidutswa ka IRBP 161–180 pa mlingo wochepa, osapitirira 50 µg, ngakhale popanda pertussis toxin, poizoni wa mabakiteriya wowonjezera mphamvu ya matendawa. Zimayamba kudwala cha m'ma tsiku la 8 mpaka 10 ndipo pofika tsiku la 14 kutupa kumakhala pachimake, nthawi zina retina mpaka kumatuka. Mbewa za C57BL/6J ndi zouma mutu. Zimafuna IRBP 1–20 pa 200 mpaka 500 µg, kapena kachidutswa ka 651–670, pamodzi ndi pertussis toxin wa 0.5 mpaka 1.5 µg wobaya m'mimba tsiku lomwelo. Matenda ake amachedwa, amafika pachimake cha m'sabata yachitatu, amakhala ofatsa koma okhalitsa. Makoswe a Lewis amamva kachidutswa ka IRBP kotchedwa R16 pa 30 µg, amayamba pa tsiku la 9 kapena 10, amatupa kwambiri kutsogolo ndi kumbuyo komwe, kenako n'kuchira okha sabata yachitatu ikamatha.

Kusankha pakati pa zitatuzi kumadalira chimene mukufuna kuona. Pa B10.RIII nyama pafupifupi zonse zimadwala pa nthawi imodzi, zimene zimachepetsa chiwerengero cha nyama zofunika. Koma kutupa kukakhala koopsa kwambiri, mankhwala ofatsa amamizidwa, ndiye ndi bwino kutsitsa mlingo wa kachidutswako mpaka nyama zambiri zizifika pa giredi 2 kapena 3 mwa 4. C57BL/6J imakupatsani mitundu yambiri ya mbewa zochotsedwa majini ndi masabata okwanira kupereka mankhwala matenda atayamba, koma nyama zina sizidwala n'komwe. Khoswe ali ndi diso lalikulu lolola jakisoni wa mu vitreous popanda mantha ambiri, kungoti matenda ake amatha msanga moti mpata wochizira ndi wa masiku ochepa.

EAU ikakanika, poyamba kayang'aneni msakanizo wobayira. Kachidutswa kosungunulidwa mu PBS kamasakanizidwa mlingo wofanana ndi complete Freund's adjuvant, mafuta odzutsa chitetezo cha m'thupi, imene yawonjezeredwa Mycobacterium tuberculosis H37Ra wakufa kufika 2.5 mg pa ml. Mumakankha uku ndi uku m'masirinji awiri agalasi olumikizidwa, kapena kugwiritsa ntchito sonicator chubu chili pa ayezi, mpaka zitalimba ndi kuyera. Kuyesa kwake n'kudontheza kadontho pamadzi ozizira: kakakhala kobulungira osamwazika, zapsa, kakayala mafuta pamwamba, pitirizani kusakaniza. Mbewa imodzi imalandira 0.2 ml pansi pa khungu, yogawidwa m'ntchafu ziwiri ndi patsinde pa mchira. Chachiwiri chokayikira ndi pertussis toxin, amene mphamvu yake imasintha kwambiri botolo ndi botolo. Chachitatu ndi nyamazo. Zimene zangofika kumene paulendo zimakhala ndi corticosterone wambiri, yemwe ndi steroid wa m'thupi, choncho zipumitseni sabata yathunthu. Tizilombo ta m'matumbo timasinthanso kukula kwa matendawa, moti mbewa za mtundu umodzi zochokera kwa ogulitsa awiri zikhoza kudwala mosiyana.

Pali msampha wina umene udadziwika bwino mu 2012. Mbewa za C57BL/6N, ndi mitundu yambiri yochotsedwa majini yochokera kwa izo, zili ndi chilema cha rd8 mu jini ya Crb1. Chilemachi chimabweretsa timadontho toyera ndi makwinya pa retina, zofanana kwambiri ndi zipsera za uveitis. Yezani jiniyi ndipo mujambule maso onse musanabaye kanthu. Mbewa za C3H ndi FVB nazo zili ndi chilema cha rd1, maselo ake oonera amafa zikadali zazing'ono, ndiye kuyeza ntchito ya retina pa izo n'kutaya nthawi.

Nthawi yoyambira mankhwala ndi imene imasiyanitsa kafukufuku wothandiza ndi wongokometsera. Mukayamba pa tsiku 0, mukuyesa ngati mankhwala amaletsa ma T cell kuphunzira m'ma lymph node, funso limene wodwala sabwera nalo. Kuti muyese kuchiza, yang'anani maso tsiku ndi tsiku kuyambira tsiku la 7, ndipo nyama iliyonse muiike m'gulu mwamaere pa tsiku limene yaonetsa chizindikiro choyamba, magulu akhale ofanana kukula kwa matenda. Njira ina ndi kusamutsa maselo: mumachotsa ma lymph node a nyama zobayidwa cha m'ma tsiku la 10 mpaka 12, mumalera maselowo ndi kachidutswa kaja kwa maola 72, n'kuwabaya mu nyama zatsopano. Matenda amayamba pasanathe sabata, popanda adjuvant wotupitsa thupi lonse, ndipo chimene mukuyesa ndi gawo loukira diso lokha.

Mbiri ya EAU ili ndi zokoma ndi zowawa zomwe. Robert Nussenblatt adaonetsa mu 1981 kuti cyclosporine amaletsa EAU pa makoswe, ndipo pofika 1983 anali atawapereka kwa odwala ndi zotsatira zabwino. Koma kutsekereza IL-17, puloteni yotupitsa yopangidwa ndi ma Th17, kumene kumathandiza mbewa, sikudafike pa cholinga m'mayeso atatu akuluakulu a secukinumab wobaya pansi pa khungu amene adasindikizidwa mu 2013. Etanercept amagwira TNF ya mbewa, koma pa uveitis ya anthu ndi wofooka poyerekeza ndi adalimumab ndi infliximab. Infliximab yemweyo sagwira TNF ya mbewa kapena ya khoswe, kotero amene akuyesa ma antibody opangira anthu ayambe watsimikiza mu chubu kuti amagwira puloteni ya nyama imene wasankha, apo ayi agwiritse ntchito antibody wolowa m'malo wopangidwira nyamayo.

PMU: diso limodzi lodwala, kwa nthawi yaitali

Njirayi, imene dzina lake lonse ndi primed mycobacterial uveitis, imagwiritsa ntchito mabakiteriya a TB akufa, ndipo idayambira pa akalulu m'ma 1990, m'magulu ngati la Glenn Jaffe, pofuna kuyesa tizipangizo toika m'diso totulutsa steroid pang'onopang'ono. Kalulu amabayidwa 10 mg ya M. tuberculosis H37Ra wakufa pansi pa khungu, kawirikawiri kawiri motalikirana sabata, kenako mlingo wochepa kwambiri, cha m'ma 30 µg, umabayidwa m'diso. Kathryn Pepple ndi anzake ku University of Washington adaisamutsira pa makoswe ndi mbewa, kumene jakisoni wa m'diso amabwera patatha masiku 7 chibayireni wa pakhungu. Diso lonse limatupa pasanathe masiku awiri, kenako kutupa kumatsalira kumbuyo kwa masabata angapo.

Ubwino wake ndi wakuti tsiku loyambira matenda mumasankha nokha, diso limodzi lokha ndi limene limadwala kotero nyama imaonabe, ndipo pa kalulu mukhoza kubayanso m'diso patapita masabata kuti muone ngati kachipangizo kakadatulutsabe mankhwala okwanira. Funso limeneli EIU singaliyankhe chifukwa cha kuzolowera kuja. Tizipangizo ta fluocinolone, monga Retisert imene idavomerezedwa mu 2005, ndi ta dexamethasone, monga Ozurdex imene idavomerezedwa pa uveitis mu 2010, tidadutsa mwa akalulu otupitsidwa motere. Kuipa kwake n'kwakuti poyamba vitreous imachita chifunga ndi fibrin moti retina siioneka, ndipo iris imamatira ku lens, mwana wa diso n'kukana kutanuka. Dziwaninso kuti mabakiteriyawo ndi akufa. PMU imaonetsa mmene thupi lodziwa kale TB limachitira likakumana ndi zidutswa zake m'diso, osati mmene TB yamoyo imachulukira mukaipondereza ndi steroid.

Kuchotsa madzi m'diso la kalulu

Ngati mankhwala anu ndi a gulu la NSAID, ochepetsa kutupa koma osakhala steroid, monga diclofenac, ketorolac, bromfenac kapena nepafenac, ndipo cholinga chake ndi kutupa kobwera pambuyo pa opaleshoni ya ng'ala, simufunika poizoni aliyense. Mumadontheza mankhwala, mumadikira mphindi 30 mpaka 60, n'kuchotsa 100 mpaka 150 µl ya madzi a kutsogolo kwa diso ndi singano yopyapyala nyama itagonekedwa. Kutsika kwadzidzidzi kwa mphamvu ya madzi m'diso kumatulutsa ma prostaglandin, ndipo madzi atsopano amabwera odzaza mapuloteni. Patatha theka la ola kapena kuposerapo mumakokanso ndi kuyeza PGE2 ndi mapuloteni, kapena kuyeza kudontha kwa fluorescein. Ntchito yonse imatha tsiku limodzi. Kumbukirani chabe kuti diso la kalulu limatupa msanga kuposa la munthu, ndiye zotsatira zake n'zoyerekezera mankhwala awiri, osati zolosera mlingo wa wodwala.

Nyama zodwala zokha

Mbewa za R161H, zimene Reiko Horai ndi gulu la Caspi adazifotokoza mu 2013, zili ndi ma T cell ozindikira IRBP chibadwire. Zimayamba kudwala cha pa nthawi yosiya kuyamwa, ndipo pofika miyezi iwiri pafupifupi zonse zimakhala zitagwidwa. Sizifuna adjuvant, matenda ake ndi okhalitsa, kotero n'zoyenera mankhwala a miyezi. Vuto ndi kuzipeza, kuziweta, ndi kuti iliyonse imayamba pa tsiku lake.

Mahatchi nawo amadwala uveitis yobwerezabwereza, imene ili m'gulu la zifukwa zazikulu za kusaona pa nyamazi, makamaka mtundu wa Appaloosa, ndipo nthawi zambiri imagwirizana ndi Leptospira. Brian Gilger wa ku North Carolina State University adapanga kachipangizo ka cyclosporine koika pansi pa sclera ya hatchi. Awa ndi odwala enieni a eni ake, si nyama za m'labotale, ndiye mumafikako ndi mankhwala amene chitetezo chake chadziwika kale.

Kukula kwa diso kumasankha nyama

Vitreous ya mbewa ndi pafupifupi 5 µl, ya kalulu 1.5 ml, ya munthu 4 ml. Mwa mbewa, dontho la pa cornea likhoza kufika pa retina chifukwa mtunda wake ndi mamilimita atatu okha, ndipo zimenezi zanamiza ambiri kuti apeza mankhwala odontheza ochiza kumbuyo kwa diso. Komanso dontho la 5 µl pa nyama ya magalamu 20 ndi mlingo waukulu m'thupi. Limatsikira m'mphuno, nyama imanyambita lotsala podzipukuta, mankhwala n'kubwerera m'maso onse awiri kudzera m'magazi. Ndi dexamethasone zimenezi zimaoneka poyera: diso losadonthezedwa nalo limapepuka. Choncho diso linalo musalitenge ngati gulu losalandira mankhwala, koma liyezeni kuti mudziwe gawo limene ladzera m'magazi.

Pa funso la kumene mankhwala amafika ndi nthawi imene amakhala, kalulu ndiye woyamba. Komabe amaphethira kamodzi pa mphindi zingapo pomwe munthu amaphethira kangapo pa mphindi imodzi, ndiye dontho limakhalitsa pa cornea yake ndipo kulowa kwake kumaoneka kwabwino kuposa mmene kudzakhalire pa wodwala. Ali ndi chikope chachitatu, mitsempha ya retina yake imayenda mu mzere umodzi wopingasa, ndipo akalulu ena ali ndi enzyme yoswa atropine. Akalulu a New Zealand White ndi makoswe a Lewis onse ndi achialubino. Mankhwala ambiri amamatira ku melanin, utoto wodetsa diso, zimene zimachepetsa mlingo wogwira ntchito poyamba ndi kuutalikitsa pambuyo pake, kotero zoyeza za mlingo zibwerezedwe pa akalulu a Dutch Belted kapena makoswe a Brown Norway. Pa mankhwala opita kwa anthu a maso akuda kwambiri, mfundoyi si yoidumpha. Ndipo mbewa, khoswe ndi kalulu onse alibe macula, pakati pa retina poonera zinthu bwinobwino, pomwe kutupa kwa macula ndi kumene kumachititsa odwala uveitis ambiri kusaona bwino. Funso limenelo limafuna anyani, amene ndi okwera mtengo ndipo amaloledwa pokhapokha palibe njira ina.

Kuyeza, magulu oyerekezera ndi ululu

Magiredi a pa slit lamp ndi a pa zithunzi za kumbuyo kwa diso amadalira maso a munthu, choncho woyeza asadziwe gulu la nyama, ndipo akhale awiri ngati n'kotheka. Pa akalulu ambiri amagwiritsa ntchito muyezo wa McDonald-Shadduck kapena wobwereka ku wa SUN wa 2005 woyezera odwala uveitis, umene umawerenga maselo m'kuwala kwa 1 mm ndi 1 mm, kuyambira 0.5+ pa maselo 1 mpaka 5 kufika 4+ akapitirira 50. Laser flare meter imapereka nambala yosadalira maganizo a woyeza. OCT, makina ojambula zigawo za retina, imakulolani kutsata diso limodzi kwa masabata, zimene zimachepetsa nyama zophedwa, ndipo ERG, yoyeza mmene retina imayankhira kuwala, imakuuzani ngati retina ikugwirabe ntchito. Izi n'zofunika chifukwa maselo otupitsa akhoza kuchoka atawononga kale. Histology imatsimikizira pomaliza, pa giredi 0 mpaka 4, ndipo mudule malo angapo odutsa pa mtsempha wa optic popeza zipsera za C57BL/6J zimakhala apa ndi apo.

Pojambula mbewa zogonekedwa ndi ketamine ndi xylazine, lens imachita mtambo pakangopita mphindi zochepa cornea ikauma kapena nyama ikazizidwa. Pakani jelo wa m'maso nthawi yomweyo, igonekeni pofunda, tanulani mwana wa diso ndi tropicamide ndi phenylephrine isanagone. Mtambowu umatha wokha, koma wosadziwa amaulemba ngati ng'ala yobwera ndi mankhwala.

Magulu asachepere anayi: nyama zabwinobwino, zodwala zolandira chosungunulira chokha, zodwala zolandira mankhwala odziwika, ndi zodwala zolandira mankhwala atsopano. Odziwikawo akhale dexamethasone 0.1% kapena prednisolone acetate 1% pa zodontheza, ndipo pa EAU steroid wa m'thupi kapena cyclosporine. Prednisolone acetate ndi tinthu toyandama m'madzi, ndiye botolo losakhutchumula limapereka mlingo wochepa, mankhwala atsopano n'kuoneka ngati apambana. Gulu la mankhwala odziwika likalephera kusiyana ndi la chosungunulira, zotsatira zonse za ulendo umenewo n'zosadalirika. Chosungunuliracho chikhale ndi zonse kupatula mankhwala enieniwo, chifukwa benzalkonium chloride amapsereza cornea ndipo DMSO amachepetsa kutupa payekha. Chilichonse chobaya m'diso chiyezedwe endotoxin, amene ndi LPS yemwe uja, ndi njira yotchedwa LAL, popeza kakang'onong'ono kokha kamayambitsa EIU yakeyake pamwamba pa matenda amene mukuyesa.

Powerengera, maso awiri a nyama imodzi si zitsanzo ziwiri. Tengani pakatikati pa awiriwo kapena gwiritsani ntchito masamu ozindikira kuti ndi a mwini mmodzi. Magiredi si manambala opitirira, ndiye amafuna Mann-Whitney kapena Kruskal-Wallis, osati t-test. Ndipo nyama za gulu limodzi zisakhale khola limodzi zokhazokha, kuopa kuti kusiyana kwa makola kungaoneke ngati mphamvu ya mankhwala. Malangizo a ARRIVE a 2020, a kalembedwe ka kafukufuku wa nyama, amafunsa zambiri mwa izi, ndipo magazini ambiri a za maso amafunanso kuti mutsate malangizo a ARVO, bungwe la ofufuza za maso.

Uveitis imapweteka, ndipo Freund's adjuvant imasiya zotupa pakhungu. Meloxicam ndi carprofen angasokoneze zoyeza chifukwa nawo amachepetsa kutupa, n'chifukwa chake ambiri amasankha buprenorphine, woperekedwa mofanana ku magulu onse. Lembani pasadakhale pamene nyama idzachotsedwe: kutsika sikelo ndi 20%, cornea kuchita chilonda, diso kutuluka kapena nyama kusiya kudya.

Kuphatikiza njira

Kawirikawiri njira imodzi siikwana. Mankhwala odontheza a kutsogolo kwa diso amayamba ndi EIU ya khoswe, kenako kalulu wa maso akuda kuti mudziwe mlingo wofika m'madzi a diso. A NSAID amapita molunjika kwa kalulu wochotsedwa madzi. Omwa kapena obaya olimbana ndi ma T cell, monga otsekereza JAK kapena calcineurin, malo ake ndi EAU yoyamba kuchizidwa matenda ataoneka, ndipo zikayenda bwino, kusamutsa maselo kapena R161H. Kachipangizo ka miyezi ingapo kamafuna PMU ya kalulu yobwereza jakisoni wa m'diso. Pa zonsezi yezani mphamvu ya madzi m'diso ndi TonoLab kapena TonoVet pa ola limodzimodzi tsiku lililonse, podziwa kuti diso lotupa limayamba latsika mphamvu chifukwa ciliary body yafooka, ndiye kukwera kwake nthawi zina ndi kuchira chabe osati vuto la steroid.

Njira zonse za m'labotale tafotokozazi zilibe kachilombo kamoyo. M'zipatala za maso za ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, odwala uveitis ambiri amabwera nayo chifukwa cha TB, chindoko, mashingozi, toxoplasmosis, kapena CMV mwa amene chitetezo chawo chatsika ndi HIV. Mankhwala amene azimitsa EAU bwinobwino akhoza kupatsa mpata tizilomboti. Ngati mankhwalawo akuyembekezeka kudzagwira ntchito m'madera otere, ayesedwenso pa nyama zokhala ndi kachilombo kamoyo, monga HSV-1 pa cornea ya kalulu kapena Toxoplasma pa mbewa, paokha komanso pamodzi ndi mankhwala opha kachilomboko, ndipo muyeze kuchuluka kwa kachilombo m'diso limodzi ndi giredi ya kutupa.